Fulemu ya dzina la Agnes yomwe ndinapangitsa ku Limbe: ntchito yamanja ili bho koma tanthauzo analiphonya

Anthu angapo, makamaka anzanga a kwaya ndi azimayi a mu mphakati wathu, akhala akundifunsa za fulemu yomwe ili pakhoma pabalaza kunyumba kwanga, kuti ndinapangitsa kuti, ndalama zingati, komanso ngati nawonso angapite konko, nde ndaona kuti bola ndingolemba kamodzi zonse mmene zinayendera, zabwino ndi zoipa zomwe, aliyense aziganizira yekha. Dzina la shopuyo sinditchula chifukwa pali zina zomwe sizinandisangalatse ndipo sindikufuna kuwaonongera bizinesi anthu oti pamapeto pake anandimvera. Ndingonena kuti ili ku Limbe, ndi imodzi mwa mashopu aja opulinta makadi aukwati, matisheti, makapu, mabanala a zinkhoswe ndi zina zotero.

Mwana wanga wachisamba dzina lake ndi Agnes, kunyumba timangoti Agi, ndipo mu Januwale wapitayu anakwanitsa zaka 13. Dzinalo ndi la mayi anga, agogo ake, ndi iwo amene anamusambitsa koyamba komanso anakhala nane masiku onse a m'chikuta nde atatuluka panalibe zokambirananso, azakhali ake anangoti uyu ndi Agnes basi. Chaka chino ndinkafuna kumupatsa mphatso yoti sangaimalize ngati keke kapena kuikulira ngati diresi, yoti ngakhale adzapite ku sekondale yogonera konko kapena adzakhale pa banja lake adzathe kuinyamula. Ndinaona fulemu ya mtundu umenewu kwa mnzanga wina, ya mwana wake Sophia, inali yokongola zedi, nde ndinamufunsa komwe anapangitsa nkupita.

Kulandira alendo amadziwa, pamenepo ndisawanamizire. Shopu ndi yaing'ono, mumatentha masana, koma mnyamata wapa kompyuta anandipatsa mpando pompo, nkundionetsa madizaini ambirimbiri, ena a maluwa, ena a mitambo, ena oti umaikapo chithunzi cha mwana pakona. Sanandithamangitse ngakhale kumbuyo kwanga kunali anthu awiri odikira makadi. Ndinasankha saizi ya A3, fulemu yathabwa yakuda yokhala ndi galasi, pepala lake lolimba lija losanyezimira kwambiri, anandiuza K38,000, nkuonjezerapo kapu ya tiyi yolembedwa dzina pa K12,000. Dipoziti ndinapereka theka pa Airtel Money, risiti anandilembera osachita kuwakumbutsa. Anati masiku 3 ndipo pa tsiku lachitatulo anandiimbiradi. Pa nkhani ya nthawi ndikuwapatsa ulemu, tonse tikudziwa mmene ena amatizunguzira ndi mawa mawa.

Ndikufika anali ataikulunga kale bwinobwino m'pulasitiki ya timatuza ija, ine nkuitsegula pomwepo kuti ndione. Maso anga anayamba agwera pa chithunzi, chinatuluka bwino kwambiri, khungu la mwana silinayere mopitirira ngati mmene ena amachitira akamakonza zithunzi, makona a fulemu ogwirana bwino opanda mpata, galasi lopanda zikande, kumbuyo aika timawaya tiwiri topachikira. Kenako ndinayamba kuwerenga mawu. Analemba m'Chingerezi kuti Agnes ndi dzina la Chilatini, tanthauzo lake mwanawankhosa. Pansi pake mndandanda wa makhalidwe, wofatsa, wachikondi, wokhulupirika, wokonda anthu, kenako nambala yamwayi, mtundu wamwayi, nkumalizira ndi vesi ya Yohane 1:29. Mtima wanga unangoti phwii.

Chilungamo chake nchakuti sampulo ananditumizira pa WhatsApp dzulo lake ndipo ndinavomera. Ndinali kusukulu pa nthawi ya buleki, ndinangoona kuti dzina alemba molondola ndi chithunzi chili pamalo pake, timawu tating'onoting'ono tija pa foni sindinatikulitse kuti nditiwerenge. Nde mbali ina vuto ndi langa ndipo ndinawauza choncho. Koma mbali inayo ndi yawo, chifukwa chomwe akugulitsa kwenikweni si thabwa ndi galasi ayi, zimenezo ndikanapeza paliponse, iwo pachikwangwani chawo akuti amapanga mafulemu a matanthauzo a maina, ndiye tanthauzolo ndi katundu weniweni amene munthu ukulipira.

Tanthauzo la Agnes ine ndinalidziwa kalekale kudzera kwa achimwene anga aakulu omwe anakhalako zaka zingapo ku seminale asanasinthe maganizo, ndipo kumeneko anaphunzira Chigiriki ndi Chilatini chowerengera Baibulo. Agi ali wakhanda iwo anandilembera pa kapepala, ndinakasunga m'buku la nyimbo mpaka lero. Dzinali ndi la Chigiriki, likuchokera ku mawu oti hagnos, akakhala munthu wamkazi amati hagne, m'zilembo zawo amalemba ἁγνή, ndipo tanthauzo lake ndi woyera, wosadetsedwa, munthu wodzisunga. Kachizindikiro kali pamwamba pa chilembo choyambacho ndi kamene kamapereka liwu la h, koma dzinali litalowa m'kamwa mwa Aroma h uja anagwa, linangotsala Agnes. Mawuwa ndi apachibale ndi hagios, amene m'Baibulo amatanthauza chopatulika. Mwanawankhosa m'Chigiriki ndi mawu ena osiyana, pa Yohane 1:29 pomwe anaika iwowo mawu ake ndi amnos, ndipo m'buku la Chivumbulutso muli arnion.

Nanga nkhosayo inabwera bwanji? Apa mpamene nkhani imakoma ndipo mpamene ndimawamvetsako anyamata aja, chifukwa sanaipeke okha nkhosayi. M'Chilatini mwanawankhosa amati agnus, wamkazi agna. Akatolika tonse timawadziwa mawuwa, Agnus Dei, omwe pa Misa timaimba kuti Mwanawankhosa wa Mulungu tisanalandire Ukaristia. Nde Aroma akamamva Agnes khutu lawo linkamva agnus, mawu awiri ochokera kosiyana koma omveka ngati amodzi, monga ife timati mtengo wa mango ndi mtengo wa shuga ku golosale, kumveka kumodzi koma nkhani ziwiri. Ndipo izi si zoti azindikira anthu a lero ayi, Augustine Woyera, episkopi wa ku Hippo kumpoto kwa Africa kuno komwe lero ndi dziko la Algeria, ananenapo mu ulaliki wake wina kuti dzina la namwali ameneyu m'Chilatini limamveka mwanawankhosa pomwe m'Chigiriki ndi woyera, iye ankazidziwa zonse ziwiri ndipo anazisiyanitsa. Kuyambira kale ojambula zithunzi za m'matchalitchi akafuna kuti anthu amuzindikire Agnes amamujambula atanyamula kamwana ka nkhosa kapena kali pa mapazi pake. Choncho nkhosa ndi chizindikiro chake, koma si gwero la dzina lake.

Namwali amene akunenedwayu ndi Agnes wa ku Roma, amene anaphedwa chifukwa cha chikhristu cha m'ma 304, nthawi ya mfumu Diocletian yomwe inayambitsa mazunzo aakulu a akhristu mu 303. Ambrose Woyera wa ku Milan, polemba cha m'ma 377, anati mtsikanayu anali ndi zaka 12, Augustine anati 13. Papa Damasus, yemwe analamulira mpingo kuyambira 366 mpaka 384, analemba ndakatulo yomwe inasemedwa pa mwala wa nsangalabwi ku manda ake, ndipo mwalawo ulipo mpaka lero. Mbiri yomwe mpingo wasunga imati anali wa banja lolemera, amuna ankamufuna ukwati iye nkumakana kuti anadzipereka kwa Khristu, okanidwawo anakamuneneza kwa akuluakulu a boma kuti ndi mkhristu, anamuopseza, anayesa kumuchititsa manyazi pagulu, pamapeto pake anamupha ndi lupanga. Zozizwitsa zina zomwe timamva, monga za tsitsi lake kukula nkumuphimba thupi, ndi mbali ya nkhani yomwe akhristu ankafotokozerana pomukumbukira. Anamuika m'manda m'mbali mwa msewu wa Via Nomentana, pomwe Constantina mwana wa mfumu Constantine anamangitsa tchalitchi chachikulu, ndipo lero pamandapo pali tchalitchi cha Sant'Agnese fuori le mura. Chibade chake chimasungidwa ku tchalitchi china cha Sant'Agnese in Agone pa bwalo la Piazza Navona. Tsiku lake ndi 21 Januwale.

Nditaima mu shopu muja ndi fulemu m'manja chomwe chinkandivuta mu mtima nchakuti mwana wanga ali pa msinkhu womwewo, zaka 13, msinkhu woti azibambo ena opanda manyazi ayamba kale kumuitana pa msewu akamachokera ku sukulu. Dziko lathu lomwe lino linachita kukhazikitsa lamulo mu 2015 nkusinthanso malamulo aakulu a dziko mu 2017 kuti mwana asakwatiwe asanafike zaka 18, kusonyeza kuti vuto la akuluakulu kufuna ana silinathere ku Roma wakale. Ine ndinkafuna Agi akamayang'ana pakhoma aziona kuti mwini dzina lake anali kamtsikana kodziwa kunena kuti ayi pamaso pa anthu amphamvu. Nde kumulembera kuti ndiwe kankhosa kofatsa basi, popanda china chilichonse, kwa ine kunali kumuphunzitsa zosiyana ndi zomwe dzinalo lanyamula. Kufatsa nkwabwino, sindikukana, koma Agnes uja sanafe chifukwa chofatsa.

Vesi nayonso sinandikhalire bwino. Yohane 1:29 ndi pomwe Yohane Mbatizi akuloza Yesu kuti ndiye Mwanawankhosa wochotsa tchimo la dziko lapansi. Amenewo ndi mawu a Ambuye, sungawatenge nkuwaika pansi pa chithunzi cha mwana wako ngati akunena za iye. Zikuoneka kuti anangosaka vesi iliyonse yomwe muli nkhosa nkumata.

Ndinamufunsa mnyamata uja mwaulemu, achimwene, matanthauzowa mumawatenga kuti? Iye sanabise, anati amayi timangosaka pa intaneti, chomwe chabwera pamwamba timakopera. Ndinamufunsanso za makhalidwe aja, wofatsa wachikondi ndi ena, akuti amenewo ali kale mu dizaini. Ndinayang'ana masampulo omwe apachika kukhoma ndipo zoonadi, ya Irene inali ndi makhalidwe omwewo, ya Dorothy omwewo, mpaka ya mwamuna ina yolembedwa George omwewonso, chosintha ndi nambala yamwayi yokha. Izi za nambala yamwayi ndi mtundu wamwayi ine sindigwirizana nazo kumene, kuziika pamodzi ndi vesi ya m'Baibulo pa pepala limodzi nkusakaniza zinthu zosayenderana, ndipo palibe anandifunsa ngati ndikuzifuna. Akulu anati safunsa anadya phula, ndipo kufunsa kwake sikunali kovuta, katedulo ya Limbe ili pafupi pomwepo, ansembe ndi masisitere odziwa zinthuzi amadutsa pa khomo pawo tsiku ndi tsiku.

Kunena mwachilungamo masampulo enawo matanthauzo ake anali olondola. Sophia analemba nzeru, ndi zoona. Irene mtendere, zoona. Dorothy mphatso ya Mulungu, zoonanso, doron ndi mphatso theos ndi Mulungu. Onsewa ndi a Chigiriki ndipo analemba choncho. Nde sikuti chilichonse chotuluka mu shopu muja ncholakwika, kungoti zimatengera mwayi wa chomwe intaneti yabweretsa pamwamba tsiku limenelo, ndipo mnyamatayo alibe njira yodziwira kuti apa ndalondola apa ndaphonya.

Ndikamaona maina amenewa ndimadabwa kuti takhala tikuwatenga ngati achizungu opanda tanthauzo pomwe ambiri ali ndi anzawo enieni m'Chichewa. Irene ndi Mtendere, Sophia ndi Nzeru, Dorothy ndi Mphatso, Agatha akuchokera ku mawu otanthauza wabwino, Margaret ndi ngale, Eunice uja mayi wake wa Timoteo ndi chipambano chabwino, Anastasia ndi kuuka kwa akufa. Kwathu kuno munthu ukamva Mavuto kapena Tiyamike kapena Limbikani umadziwa kuti pakhomopo panachitika chinachake mwanayo akubadwa, dzina limakamba nkhani, ndipo Agiriki nawo ankatcha ana awo mwa njira yomweyo, dzina linali mawu wamba omwe aliyense pa msika ankawamva. Maina awa atafika kwa ife kudzera mu ubatizo ndi m'masukulu a mishoni anafika atavula tanthauzo, tinangolandira kamvekedwe. Nchifukwa chake ganizo la bizinesi iyi ndimaliona labwino kwambiri, likubwezera anthu chinthu chomwe chinatayika panjira, bola lichitike mosamala.

Pali chinanso chomwe ndinachizindikira ndili pa minibasi kubwerera, ndipo chimandisangalatsa mpaka pano. M'Chichewa mawu oti kuyera amanyamula zonse pamodzi, nsalu yochapa bwino ndi yoyera, ufa woyera, mtima woyera, Mzimu Woyera, ndipo munthu amene mpingo wamulemekeza timamutchanso Woyera. Nde tikamati Agnes Woyera kwenikweni tikunena mawu amodzi kawiri, koyamba m'Chigiriki kachiwiri m'Chichewa. Ngakhale ubweya wa kankhosa kaja nawonso ndi woyera. Zomwe Chigiriki chinazigawa pakati pa hagnos ndi hagios, ndi zomwe Chilatini chinasokoneza ndi agnus, chilankhulo chathu chimazigwira ndi liwu limodzi popanda kuvutika. Pamenepo mpomwe ndinaganiza kuti fulemu yatsopano ilembedwe m'Chichewa osati m'Chingerezi.

Mawa lake ndinabwerera ndi kapepala ka achimwene kaja ndipo ndinapempha kuonana ndi eni shopu, mayi wachikulire ndithu wodekha bwino. Poyamba anati amayi sampulo munavomera nokha, ndipo ndinati eya ndinavomera, sindikukana, koma onani nokha apa. Anawerenga, anaimbira foni munthu wina yemwe ndikuganiza ndi wa kutchalitchi kwawo, anakambirana pang'ono, atadula anati pepani tikonza. Tinagwirizana kuti fulemu ndi galasi zikhale zomwezo, asinthe pepala lokha, ine ndilipire K8,000 ya pepala ndi inki, ntchito ya dizaini osalipiritsa. Ena anganene kuti sindinayenere kulipira kalikonse koma poti nane ndinali ndi mbali yanga ndinaona kuti mpabwino. Chomwe chinandikhudza nchakuti sanandiyankhe mwamwano kapena kundionetsa nkhope yoti ndikuwavutitsa, mnyamata uja mpaka anajambula kapepala kanga pa foni yake kuti akadzabwera Agnes wina asadzalakwitsenso.

Kukonzako kunali ndi zovuta zake. Titalemba ἁγνή pa kompyuta chilembo choyamba chinatuluka kabokosi, akuti fonti yomwe amagwiritsa ntchito ilibe zilembo za Chigiriki chakale zokhala ndi tizizindikiro pamwamba, anayesa mafonti anayi kaya asanu mpaka inapezeka ina yomwe inatulutsa bwino, kungoti siyofanana kwenikweni ndi zilembo zina zonse za pa fulemu, ukayang'anitsitsa umaona kuti liwu limenelo ndi lopyapyala kuposa anzake. Chichewa nachonso chinafuna kuti ndikhale pambali pake, kompyuta inkangodula mizere yofiira pansi pa liwu lililonse ndipo pena inkasintha yokha mawu, wosadetsedwa anatuluka molakwika kawiri. Ngati mukufuna mawu a Chichewa musatumize pa foni nkuchoka, khalani pompo muwerenge chilembo chimodzichimodzi asanapulinte. Kenako magetsi anavuta masiku awiri nde m'malo mwa mawa lomwe analonjeza zinatenga masiku 4, koma ankandiuza okha pa WhatsApp mmene zilili, ndinaitenga pa 20 Januwale madzulo, kutatsala usiku umodzi kuti lifike tsiku la Agnes Woyera.

Mawu omwe ali pa fulemu pano ndi ochepa. Pamwamba Agnes, pansi pake liwu la Chigiriki lija, kenako Dzina la Chigiriki, tanthauzo lake woyera, wosadetsedwa. Makhalidwe onse aja ndi za mwayi tinachotsa. Kankhosa ndinakasiya, kakang'ono pakona yakumanzere, ndi mawu oti chizindikiro cha Agnes Woyera wa ku Roma, 21 Januwale, chifukwa monga ndanenera nkhosayo ili ndi malo ake, kungoti malo ake si pa tanthauzo. Vesi tinaika Yakobo 3:17, yomwe ikukamba za nzeru yochokera kumwamba kuti choyamba ndi yoyera. Achimwene ndi amene anandisankhira vesi imeneyi ndipo chifukwa chake nchokoma, m'Chigiriki liwu la yoyera pa vesi imeneyo ndi hagne lenilenilo, dzina la mwana wanga momwe lilili, ndipo liwu la nzeru ndi sophia. Nditamuuza mnzanga uja mayi ake Sophia kuti ana athu ali mu vesi imodzi anasangalala mpaka anakaitsegula pompo. Liwu lomweli likupezekanso pa Afilipi 4:8 pomwe Paulo akutchula zinthu zoyenera kuziganizira, kwa amene angafune vesi ina.

Za kankhosa ndionjezereko pang'ono chifukwa Agi anazikonda kuposa zonse. Chaka chilichonse pa tsiku la Agnes Woyera ku Roma amadalitsa tiana ta nkhosa tiwiri, ndipo masisitere a ku Santa Cecilia ku dera la Trastevere amatisamalira nkudzatimeta, ubweya wake umalowa mu nsalu yotchedwa pallium, kansalu koyera kopapatiza kokhala ndi mitanda 6 yakuda komwe ma arkiepiskopi amavala pa mapewa pamwamba pa zovala za Misa. Papa amadalitsa nsaluzi pa 29 Juni, tsiku la Petulo ndi Paulo Oyera. Kuno kwathu amene amavala ndi arkiepiskopi wa Blantyre ndi wa Lilongwe, nde mukadzapita ku Misa yaikulu ku Limbe kapena ku Maula mudzayang'ane pa mapewa pawo. Ndipo wansembe akasankha pemphero loyamba la Ukaristia, lalitali lija, dzina la Agnes limatchulidwa pamodzi ndi Felicity, Perpetua, Agatha, Lucy, Cecilia ndi Anastasia, Agi amachita kudikira kuti alimve.

Dzinali layenda maiko ambiri nkusintha kamvekedwe, ku Italy amati Agnese, ku Poland Agnieszka, ku France amalemba Agnès, ku Spain Inés, ndipo achibale athu a ku Mozambique omwe amatsata Chipwitikizi amati Inês. Mayi wina wa ku Milange yemwe timagula naye nyemba dzina lake ndi limeneli, ndinamuuza kuti iye ndi mwana wanga dzina ndi limodzi anakana mpaka ndinachita kumufotokozera. Mother Teresa wa ku Calcutta naye pobadwa mu 1910 ku Skopje anapatsidwa dzina la Anjezë, lomwe ndi Agnes m'chilankhulo cha ku Albania. Ifeyo timati Aginesi, agogo a kumudzi amakokanso kumapeto kwake, ndipo ine ndimaona kuti nafenso tili ndi ufulu wolitchula mwathumwathu monga anachitira enawo.

Kapu ija ndisaiwale. Iyo sanaikonzenso chifukwa ikapsa pa makina basi yatha, mwamwayi panali dzina lokha ndi kankhosa popanda mawu ena nde ndinaitenga choncho. Koma sindikuilimbikitsa. Patha miyezi itatu yokha, timatsuka ndi manja ndi siponji yofewa monga anatiuzira, koma mbali imodzi utoto wayamba kale kufwifwa ndipo chogwirira chake nchaching'ono, zala zitatu sizilowa bwino. Pa K12,000 ndinkayembekezera zoposa pamenepo. Fulemu yokha ndiye ilibe vuto, mvula yonse ija ya Febuluwale khoma lathu limachita chinyezi koma pepala silinapindike, thabwa silinafufume, mitundu ikadali momwe inalili.

Nde mukandifunsa kuti ndiwapatsa zingati pa 5, ntchito yamanja 5, kalandiridwe ka makasitomala ndi kusunga nthawi 4, kapu 2, koma matanthauzo omwe amalemba okha 1, ndipo imodziyo ndi ya Sophia, Irene ndi Dorothy omwe anawalondola. Pitani ngati mukufuna fulemu yooneka bwino pa mtengo woti munthu wa malipiro a boma angakwanitse, koma mawu pitani nawo anu olemba kale pa pepala, mutafunsa abambo mfumu, abusa, shehe ngati dzina ndi la Chiarabu, kapena agogo ngati ndi la kwathu konkuno. Auzeni poyambirira kuti za nambala yamwayi achotse ngati simuzifuna chifukwa amaziika okha. Sampulo ikabwera pa WhatsApp ikulitseni muwerenge mzere uliwonse, ndipo ngati nkotheka pemphani akupulintireni pa pepala wamba kaye.

Pa 21 Januwale tinapita ku Misa ya mmawa ndi Agi, pobwera tinamupatsa mphatso yake agogo ake ali pomwepo, anachita kubwera kuchokera ku Thyolo. Agi anawerenga mokweza, anafunsa za zilembo zachilendozo, ndinamufotokozera zonse ndalemba apazi ndipo anakhala chete nthawi ndithu akuyang'ana. Koma amene anandigwetsa misozi ndi mayi anga. Anapempha magalasi awo, anaika fulemu pa miyendo, anawerenga pang'onopang'ono ndi chala, kenako anati mwana wanga, zaka zonsezi ine ndimayesa dzina langali ndi la azungu chabe lomwe abambo anandipatsa pa ubatizo, kani lili ndi mawu ake. Anati nawo akufuna yawo yaing'ono yoti akaike pafupi ndi mtanda kuchipinda kwawo, koma yopanda chithunzi, akuti nkhope yakalamba, mawu okhawo ndi kankhosa.

Ndinabwereranso ku shopu komweko sabata yatha kukapereka oda ya A4, mnyamata uja anali atasunga dizaini yathu pa kompyuta nde sitinavutikenso ndi fonti. Akuti K22,000, ndikatenga Lachisanu, Loweruka ndikwera ya ku Thyolo.